Ndevu za a Mwaiwawo ndi kagalimoto ka matayala atatu

Ku Ballymun mumzinda wa Dublin, kuseri kwa nyumba ya a Ignasio Mwaiwawo, kuli kashedi kamene oyandikana nawo amayesa kosungiramo njinga. Mulibe njinga mmenemo. Muli galimoto, ngati mtima wanu ungalole kuitcha galimoto: kanthu kobulungira ngati dzira, matayala atatu, chitseko chimodzi chokha. Chitsekocho chili kutsogolo, moti ukachitsegula chiwongolero chimatuluka nacho limodzi. Kanapangidwa a Ignasio asanabadwe, ndipo munthu wamtali akakhalamo mawondo amafika m'chibwano.

A Ignasio amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Swords. Amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Koma manja amenewo anakulira ku Ndirande, pagalaja la pamtetete, akuwongola maminibasi ogundana mpaka mwini wake osazindikiranso pamene panapindika. Anafika ku Ireland ndi akazi awo a Clotilda akuthawa zinthu zimene sakonda kuzikamba, ndipo ife sitiwaumiriza. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Cindy, anabadwira konkuno. Kwa zaka zambiri nyundo sanaigwirenso, mpaka pamene nkhalamba ina ya kuntchito inamwalira, mwana wake n'kuwauza kuti kunyumba kwa malemuwo kuli chitsulo chadzimbiri, ngati akuchifuna akachichotseko.

Chitsulocho ndicho kagalimoto kaja. Tsiku limene chinafika, a Clotilda anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amuna anzanu akugula magalimoto, inu mwatibweretsera chikuku cha mwana," anatero. "Bambo a Cindy, ndikwere ine mmenemu anthu akuona?"

Koma anali iwo omwewo amene ankabweretsa tiyi kushedi, n'kukhala pampando wong'ambikawo kumalamula amuna awo pamene sanapale bwino dzimbiri.

Matenda anabwera ndi liwiro. A Clotilda anayamba kudandaula m'mimba masamba akuyoyoka m'mitengo, ndipo chisanu chisanathe anali atapita. Amalawi a ku Dublin anasonkhana, anaimba m'nyumba yopanikizana ija, nathandizana kutumiza thupi kwawo kwa malemu ku Dedza. A Ignasio sanapite nawo. Mapepala awo okhalira m'dziko anali akadali ku ofesi ya boma, ndipo akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwereranso. Amene anaperekeza bokosi anali Cindy, mtsikana amene Chichewa amachimva koma poyankha chimamuthawa. Bambo ake anaonera mwambo wa kumanda pafoni. Chithunzi chinaima pamsana pa munthu wina wovala jekete, ndipo pamene chinkayambanso kuyenda, dzenje linali litakwiriridwa kale.

Sanalire. Anthu kutchalitchi ankati a Mwaiwawo ndi olimba mtima. Kulimba mtima kwake kuti? Munthuyo anangozima basi. Ankadzuka, kukwera basi, kusambitsa nkhalamba zawo, kubwerera, kudya chimene apeza osachimva kukoma kapena kuipa. Ukawafunsa kuti ali bwanji ankayankha bwinobwino, n'kukufunsanso iwe, koma maso ali pakhoma.

Ndiye panali nkhani ya ndevu. Kwawo kwa a Clotilda, mwamuna woferedwa sadzimeta yekha. Amadikira akuchikazi kuti amumete mutu ndi ndevu, n'kumuuza kuti maliro atha, ayambenso kukhala ngati munthu. Ku Dedza anametana onse amene anali pamaliro, koma za mkamwini wa ku Dublin palibe anakumbukira. Eni akewo sanakumbutse munthu. Wometa wa pamsewu sangathetse maliro a mayi a Cindy, choncho anangozisiya. Ndevu zinamera zaimvi, tsitsi linapotana, mpaka nkhalamba za kuntchito zinayamba kuwafunsa ngati abweretsa mphatso za Khirisimasi.

Akaweruka ankalowa m'shedi. Anapala dzimbiri lonse, anawongola denga, analumikiza mawaya, anasoka mpando. Ntchito inali yooneka bwino, pakuti manja saferedwa. Mnzawo Fredson, wa ku Chipata ku Zambia, amene amanyamula katundu kubwalo la ndege, ankabwera kudzaonerera. Ndiye amene anayamba kuona chodabwitsa.

"Mudala, iyi carburettor munaitsuka last week," anatero Fredson. "Mwaimasulanso chifukwa chani?"

"Ili ndi dothi."

"Ilibe dothi iyi. Na ma brake munamanga, lelo ali pansi. Iyi motoka inasila kudala, imwe ndimwe simufuna."

A Ignasio anangopitiriza kupukuta kachitsulo koyera kale. Fredson ananena zoona: ntchitoyo inali yoti ikanatha kalekale, koma eni ake sankafuna kuti ithe. Galimoto ikanatha, madzulo akanakhala opanda chochita, ndipo akanayenera kulowa m'nyumba.

M'nyumbamo munali Cindy. Chibwerereni ku Dedza, bambo ake sanamufunsepo ngakhale kamodzi kuti ulendo unayenda bwanji, anthu analipo angati, mayi ake anawaika pati. Ankakhala ngati anthu awiri ochita lendi nyumba imodzi, kupatsana moni pakhomo la bafa. Mtsikanayo anadikira, anatopa. Tsiku lina anaima pakhomo pa shedi n'kunena m'Chingerezi kuti wapeza chipinda kwa mnzake Dinah ku Dún Laoghaire, asamuka mwezi ukatha. Anati mayi ake anawataya kale, sangathe kumaonereranso bambo ake akutha ali moyo.

"Chabwino," anatero a Ignasio.

Mawu ake amenewo basi! Ine ndikanakhalapo ndikanawagwedeza mapewa. Mwana mmodzi yemweyo akuchoka, iwo akuti chabwino. Mumtima ankadziwa kuti akachoka chonchi sadzabwereranso, koma kudziwako kunali ngati nkhani ya munthu wina yomwe aimva m'basi.

Fredson ndiye anamuuza Cindy za ndevu zija. Mtsikanayo ankayesa kuti bambo ake angodzitayirira. Atamva, anaimbira foni a Macdonald, mlongo wawo wa mayi ake ku Dedza, nafotokoza m'Chichewa chake chodukaduka.

"Talakwa ife," anatero a Macdonald. "Alamu tinawaiwala, zamanyazi ndithu. Ametedwe msanga."

"But ankolo, kuno kulibe munthu wa kwathu."

"Nanga iwe ndiwe yani? Mwana wa mlongo wanga ndi wathu, si wa kwa Mwaiwawo ayi. Kumeneko mtundu wathu wonse ndi iweyo. Ukawamete, ndakutuma ine."

Anamuphunzitsa mawu oti akanene, namubwerezetsa mpaka anawagwira.

Loweruka masana Cindy analowa m'shedi atanyamula thaulo ndi makina ometera obwereka. M'nyumba munali kale makatoni ake omangamanga. Anayang'ana uku ndi uku, mpando panalibe, zitsulo zokhazokha. Anatsegula chitseko cha kagalimoto kaja, chiwongolero n'kupatuka nacho, mpando wake n'kuyang'ana poyera.

"Khalani apa, adadi."

A Ignasio anayang'ana makinawo. "Izi sameta wina aliyense, mwana wanga."

"I know. Ankolo Macdonald andituma. Ine ndine wa kwa amami."

A Ignasio anayang'ana sipanala imene inali m'manja mwawo. Kenaka anaiika pansi, nakhala m'mphepete mwa mpando, miyendo ili kunja. Cindy anawafunditsa thaulo.

Sanali katswiri. Makina ankakodwa m'tsitsi lopotanalo, ankazula, mwina kudumpha malo. Bambo ake sanadandaule. Ankangoona imvi zikugwera pansapato zawo, akudabwa kuti zonsezo zinali pamutu pawo. Atamaliza mutu anayamba ndevu, atawagwira chibwano. Nkhope inatuluka yowonda, masaya olowa, yoti Cindy sanaionepo. Anazimitsa makina, naimirira bwinobwino monga anamuuzira amalume ake.

"Alamu," anayamba, n'kuzindikira kuti mawuwo ndi a amalume, si ake. "Adadi. Maliro atha. Munatisungira bwino munthu wathu. Ife akuchikazi tilibe nanu chifukwa. Takumasulani."

Mawu ena anawapotoza, koma onse anamveka.

Choyamba chimene a Ignasio anamva chinali kuzizira. Mphepo yolowera pansi pa chitseko inawagunda m'mutu ndi m'khosi, ndipo anazindikira kuti miyezi yonse ija ankagwira ntchito m'shedi muno osamva kuzizira. Anadzigwira pamutu. Kenaka chinthu china chinayamba kuwawa pansi pa nthiti, pang'onopang'ono, ngati mwendo wadzanzi ukamatsitsimuka. Chinali chisoni, ndipo anachizindikira.

"Anawaika pati?" anafunsa.

Cindy anawayang'ana, osakhulupirira kuti wamva bwino.

"Mayi ako. Anawaika pati?"

"Pafupi ndi agogo," anayankha. "Dothi lake ndi lofiira. Anandipatsa kuti ndiponye, and everyone was singing, Dad, ine nyimbo yake sindimaidziwa. Ndinangoima."

A Ignasio anatseka maso. Misozi inatsika m'masaya ometedwa kumenewo popanda choiletsa, ndipo sanaipukute. Sanabume, sanafuule. Anangosendera mkati mwa kagalimotoko, mpaka phewa linagunda galasi, nasiya malo pambali pawo.

"Dinah umuuze ayambe wadikira," anatero. "Sunandiuze maliro a mayi ako."

Cindy anakutumula tsitsi pampando, nakhala. Munali mothina, mapewa awo anagundana.

"Ndiyambire pati?"

"Pamene ndege inatera. Usadumphe kanthu, ngakhale m'Chingerezi nena. Ine kunalibe."