Mchere Umene Unadutsa pa Chitenje

Mjigo wa m'mudzi mwathu, kumunsi kuno kufupi ndi Lisungwi, umatulutsa madzi a mchere. Sopo sachita thovu, tiyi amakoma ngati msuzi wa ndiwo. Ndiye chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba kunabwera anthu ndi makina ochotsa mchere oyendera sola, akuti anapangidwira madzi a m'nyanja ya mchere, ija ya ku Mozambiki. Ife nyanjayo sitinaionepo, koma mchere wokha unatipeza ku Neno konkuno.

Bambo woyang'anira makinawo anatifotokozera kuti m'chipaipi choyera cha makinawo muli sefa yokulungidwa ngati mkeka, timabowo take diso silingaone. Pampu imakankha madzi mwamphamvu, madzi n'kudutsa, mchere n'kutsalira. Anatinso mchere wambiri umawononga impso za ana. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma mawu atatuwo ndinawagwira zolimba: mchere, impso, ana. Kuchokera tsikulo wanga sanalaweko dontho la pamjigo, ngakhale pomusambitsa ndinkamutseka pakamwa.

Atakwanitsa miyezi isanu ndi itatu anatsegula m'mimba. Maso kulowa, liwombo kulowa, kulira kwake ngati kamphaka. Ndinathamangira naye kuchipatala pa kabaza, dzuwa lili paliwombo. Anamwino anandipatsa timapaketi ta ufa, akuti ndisungunule m'lita imodzi ya madzi abwino, ndizimumwetsa pang'onopang'ono. Kufika kunyumba ndinasungunula m'madzi a pamakina, n'kulawa. Mchere.

Eti makina avutika kuuchotsa, ine mayi wake ndiubwezeremo ndi manja angawa? Kumwetsa ndinaopa, kusamwetsa ndinaopanso, kuchipatala kutali. Basi ndinatenga chitenje changa chatsopano, ndinachiwiritsa, kuchipinda kanayi, kuchimanga pakamwa pa jagi, kusefa katatu konse. Sindinalawenso. Ndinaopa zimene lilime lingandiuze.

Mwana anamwa, sipuni ndi sipuni, ine maso ali paliwombo. Mawa lake linadzuka, iye n'kuyambanso kundiluma bere.

Patapita sabata ndili pamzere wa madzi, ndinawauza bambo a makina aja monyadira kuti nanenso ndili ndi sefa yanga, ndinachotsa mchere m'mankhwala a mwana. Iwo anandiyankha kuti:

“Mayi, chitenje chimagwira mchenga ndi nyerere. Mchere wosungunuka umangodutsa, osapereka ndi moni womwe.”

Ndinafunsa ngati ndiye kuti mwana anamwa wonse.

“Wonse. Ndipo ndi umene wamudzutsa. Wa anamwino ndi woyeza, wa pamjigo ndi wosayeza, kusiyana kwake n'komweko.”

Amayi anzanga pamzerepo anafa nacho chiseko, wina akuti andilembe ntchito pamakina pomwepo. Ine ndinangokhala pachigubu, kuganiza kuti sefa yanga ikanakhala yanzeru ngati yawo ija, bwenzi lero ndikubereka chiyani kumbuyoku.

Mwana kumsana anali phee, akuyamwa ngodya ya chitenje chomwecho.