Bokosi limene Mayi Tecla anakhalira

Mayi Tecla Alufandika anakumana ndi Jenny koyamba pakhomo pa tchalitchi cha malata ku Budiriro, Loweruka lina fumbi lili koboo. Jenny anatsika m'kombi, minibasi ya kumeneko, akukoka bokosi lachitsulo, napinda bondo, nati, "Muli bwanji, amayi?"

Mayi Tecla anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Panali patapita zaka asanamve mwana wa msinkhu umenewo akupereka moni m'Chichewa lilime osapunthwa.

"Ndiwe mwana wa kuti?"

"Wa ku Chipata. A mishoni andituma kudzaphunzitsa aphunzitsi a Sande sukulu. M'bokosimu muli mabuku a ana."

"A chiyankhulo chanji?"

"Chathu chomwechi. Anatiuza kuti mpingo uno ndi wa Amalawi."

Mayi Tecla anamulanda bokosilo, nalisenza okha mpaka m'kati, khosi lili njo ngati la namwali.

Iwo ku Malawi anali asanapondeko. Anabadwira ku Mbare, m'dziko la Ashona, m'kachipinda kamodzi, bambo awo atabwera wapansi kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya. Kusukulu anzawo ankawatonza kuti mabulandaya, dzina lonyozera Amalawi. Ana ena akamva zimenezo ankabisa chiyankhulo cha kwawo ngati chilonda, koma Tecla ankayankha m'Chichewa dala, mokweza. Atakula anagulitsa matsache ndi nyemba pa msika wa Mbare, nakwatiwa ndi Eliya, kalipentala wa ku Glen View, nasamukira ku Budiriro. Sande sukulu anaiphunzitsa kuyambira utsikana wawo, popanda buku kapena chithunzi. Mavesi anali m'mutu, kamkwapulo kali m'manja.

M'mawa mwake, Lamulungu, Jenny anatsekula bokosi pamaso pa ana. Munali mabuku a zithunzi, buku la mphunzitsi lokhala ndi phunziro la sabata iliyonse, ndi nsalu yomatapo tianthu ta m'Baibulo. Anafotokoza nkhani ya Zakeyu bwinobwino, kenaka anafunsa, "Anakwereranji mumtengo?"

Ana anangoti duu. Anafunsanso. Kamtsikana kena, Chenai, kanakweza dzanja nikati m'Chishona, "Hatinzwi." Ndiko kunena kuti sitikumva.

Mayi Tecla anamva kutentha kumaso. Zaka zonsezo anawo ankabwereza mavesi pambuyo pawo osaphonya, koma panalibe amene anawafunsapo funso.

Mapemphero atatha, Bambo Gregory, mkulu wa mpingo, anaitanitsa akuluakulu. Anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano.

"Mwadzionera nokha," anatero. "Ana athu amalota m'Chishona. Mlendo wathu akuti a mishoni ali ndi mabuku omwewa m'Chishona. Tibweze awa, atipatse enawo."

Jenny anavomereza. Anati mwana aphunzitsidwe m'chiyankhulo chimene amasewerera.

Mayi Tecla anadzuka pa benchi, nakonza chitenje, nakakhala pa bokosi lija.

"Mayi Alufandika, si mpando umenewo," anatero Bambo Gregory.

"Lero ndi mpando."

"Adzukulu anu omwe amakuyankhani m'Chishona."

"Amayankha chifukwa amva. Bokosi ili likabwerera, libwerera ndi ine pamwamba. A mishoni akaone chochita nane."

Ena anaseka, koma akale a mumpingomo sanaseke, pakuti ankadziwa chimene chinawakhazika pamenepo. Chaka cha kolera, Eliya anadwala m'mawa, dzuwa lisanapendeke anali atatsamaya. Anthu analetsedwa kusonkhana pa maliro otere. Amayi a mvano, amene amaimbira Mmalawi aliyense nyimbo za kwawo popita naye kumanda, ena anali chigonere, ena akudwazika. Kumanda kunapita a banja okha. Mayi Tecla anayambitsa nyimbo imene Eliya ankaimba akupala matabwa, nayembekeza kuti ana awo alandire. Anawo anangoyang'ana pansi, chifukwa mawu ake sankawadziwa. Mayiyo anaimba okha mpaka mawu anawathera pakhosi, ndipo dothi linagwa mwakachetechete.

"Eliya analowa m'manda ngati munthu wotoledwa pamsewu," anatero ali pa bokosipo. "Ine sindidzalowa choncho. Inunso, Bambo Gregory, simudzalowa choncho, ngakhale mutafuna."

Anakhala pomwepo mpaka anthu anatopa ndi njala. Pamapeto pake Jenny anati akawauza a mishoni kuti bokosilo lapeza mwini wake. Koma mabuku a Chishona anabwerabe, ndipo akuluakulu anapereka Sande sukulu kwa mtsikana wina, Paida, amene Jenny anamuphunzitsa ntchitoyo. Mayi Tecla anatsala ndi bokosi lopanda ana.

Analisenza kupita nalo kwawo, akudutsa pa mjigo. Ku Budiriro mipope imakhala youma, ndipo ana ndiwo amatumidwa kukaima pa mzere ndi zigubu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mayi Tecla anaima, nayang'ana mzere uja. Loweruka lotsatira anafika ndi bokosi lawo ndi kamkwapulo kawo.

Poyamba zinakanika. Ana akangowaona ankasiya zigubu pa mzere n'kukabisala kuseri kwa mpanda. Jenny asanabwerere kwawo anawapeza akukalipira mphepo.

"Amayi, ndipatseni kamtengoko."

"Ukatani nako?"

"Ndikasunge. Inu musawalalikire. Apatseni nkhaniyo aisewere."

"Mawu a Mulungu si masanje, mwana iwe."

"Nanga bokosi ndi mpando?"

Mayi Tecla anaseka mpaka kutsokomola, napereka kamkwapulo kaja.

Anayamba ndi nkhani ya Rebeka pachitsime, poti chitsime chinalipo kale. Chenai anakhala Rebeka. Anyamata anakwawa m'matope ngati ngamila, akulira mmene ankaganizira kuti ngamila imalirira. Wofuna madzi ankayenera kupempha m'Chichewa, Rebeka n'kuyankha, "Imwani, mbuyanga." Milungu itapita, ana anayamba kulimbirana ungamila, ndipo ena mwa iwo anali a mabanja a Chishona. Mayi wina anabwera atagwira m'chiuno, akuti mwana wake wayamba kuyankhula chibulandaya m'nyumba.

"Madzi anabwera nawo?" anafunsa Mayi Tecla.

"Anabwera nawo."

"Ndiye mwapindula pawiri. Pitani bwino."

Phunziro lililonse ankalitseka ndi nyimbo za maliro. Paida anawadandaulira kuti nyimbo zotere n'zolemera kwa ana. Iwo anati chaka cha kolera ana anaona maliro ambiri kuposa maukwati, ndipo palibe anawafunsa ngati akulemedwa. Bambo Gregory nawo anawatumira uthenga wakuti akusokoneza maphunziro a mpingo. Yankho linabwerera lalifupi: mjigo si wa mpingo.

Sikuti onse anagwira. Ambiri anakula naiwala, ena anapita ku Joni osabweranso. Ngakhale adzukulu awo enieni ankathawa mjigo Loweruka. Jenny ankabwera chaka ndi chaka kudzaphunzitsa aphunzitsi atsopano, ndipo nthawi zonse ankapeza mabuku atachepa, masamba atafufuma ndi manja onyowa, tianthu ta pansalu tina titaduka mitu. Ankati abweretse ena. Mayi Tecla ankati, "Bweretsa, koma bokosi usalikhudze."

M'zaka zawo zotsiriza miyendo inakana ndipo maso anachita nkhungu. Ndi m'masiku amenewo mmene Bambo Gregory anamwalira. Amayi a mvano akale anali atatsala owerengeka, mawu awo atauma ngati mapesi. Mayi Tecla anaumirira kuti apite. Munya, amene kale anali ngamila yaphokoso kuposa zonse, anawakweza pa wilibala atayalamo bulangeti, nawakankha mpaka pa siwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Bokosi la maliro likutuluka m'nyumba, panagwa kachetechete koopsa kaja. Mayi Tecla anagwira m'mphepete mwa wilibala. Pamenepo Chenai, tsopano mayi wa mwana kumsana, anayambitsa nyimbo ya Eliya ija. Kumbuyo kwake ena analandira, kenaka enanso, anyamata a ndevu ndi atsikana a Chishona omwe, mpaka onyamula maliro anaima kuti amve.

Ndodo ya Mayi Tecla inagogoda pa chitsulo cha wilibala katatu.

"Imani," anatero Mayi Tecla. "Mukuthamangira kuti? Bambo Gregory sakuthawa. Yambaninso."

Namfedwa, misozi ili m'masaya, anabisa kuseka m'chitenje. Chenai anayambanso, pang'onopang'ono, ndipo Mayi Tecla anamvetsera atapendeketsa mutu, milomo ikuyenda popanda mawu. Nyimbo itatha anakodola Chenai, namugwira dzanja osalisiya msanga.

"Kwa Bambo Gregory zakwana," anatero. "Kwa ine sizinakwane. Loweruka nonse ku mjigo. Munya, usaiwale bulangeti."