Chikole cha Tizigoba

Achimwene anga anabwerako kunkhondo ndi bokosi lachitsulo, chifuwa chosamva mankhwala, ndi zibangili ziwiri. China chinali chamkuwa, chonga zomwe zinkagulitsidwa m'sitolo za Amwenye mu Fort Jameson, dzina la Chipata masiku amenewo. Chinacho chinali cha tizigoba toyera ta nkhono za m'nyanja yamchere, tolukiridwa pa chingwe cha ulusi wa makoko a kokonati. Ankati anachipeza m'sitima ya pamadzi, posinthana ndi fodya kwa mmalinyero wa ku zilumba za Polineziya, komwe anthu amavala zotere monga ife tivalira mikanda.

Ine ndinali nditangoyamba ukalaliki wa mu ofesi, ndipo ndinkafunsira mtsikana wa m'mudzi wina cha ku Mwami. Anali atandilola. Chinatsala n'chikole.

"Sankhapo chimodzi, mphwanga," anatero achimwene, ataziyala pabulangete kwathu ku Kapata. "Koma ukamva zanga, tenga chamkuwachi. Anthu akwathu amachidziwa."

Ndinatenga cha tizigoba. Zilumbazo ndinali nditaziona pamapu kusukulu, ndipo ndinkafuna kuti wanga avale chinthu chomwe panalibe wina anali nacho. Za maso a anthu a m'mudzi mwake sindinaziganizeko.

Mtsikanayo atachilandira anaseka. "Anzanga akupatsidwa mipango, ine nkhono? Ndiye ukalalikiwo umenewu?"

Anavalabe, kudzanja lamanzere, osavula ngakhale posinja. Ankati chimamukanda, koma ndikapita kukacheza ndinkapeza atachitsuka, tizigoba tili mbuu.

Mtsikanayo anali m'kalasi ya ubatizo, chaka chachiwiri, atatsala pang'ono kuyesedwa. Tsiku lina Lamulungu mkulu wina wa mpingo anamugwira dzanja pakhomo la tchalitchi. Kwathu kuno, kutali ndi nyanja, tizigoba totere tinkaoneka malo amodzi okha: m'nsengwa ya sing'anga woombeza ula. Chingwe chomangidwa pamkono nachonso chinali ndi dzina lake, chithumwa.

Anatiitana tonse awiri kubwalo la mpingo. Akulu anakhala pabenchi, iye pamphasa, ine chiimire, chipewa m'manja.

"Ichi munamupatsa ndinu?"

"Ndine, abambo."

"Munachitenga kuti?"

"Achimwene anabwera nacho kuchokera kunkhondo."

Akulu aja anayang'anana. Mmodzi, yemwe mwana wake sanabwereko, anayankhula motsitsa. "Ndiye chimene anapulumukira chipolopolo n'chimenechi. Anzake anatsala komweko."

Yankho ndinali nalo. Ndikanawauza za mmalinyero uja, za fodya, za zilumba komwe ana ndi akulu amavala zotere pongofuna kuoneka bwino. Koma ntchito yanga ndinaipeza ndi kalata ya mpingo womwewo, ndipo mmodzi wa akuluwo ndiye anaisaina.

"Inu mwaphunzira sukulu," anatero wapampando. "Mungalumbire kuti mulibe kanthu m'menemu?"

"Ine ndinangolandira, abambo. Zambiri sindidziwa."

Mtsikana uja anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanalire. Anangotambasula dzanja, iwo n'kudula chingwecho ndi mpeni. Tizigoba tinamwazika pansi, ndipo anatola yekha, mmodzimmodzi wa akuluwo akusuntha mapazi kuti tisawakhudze. Anamubweza kuti akayambirenso kalasi. Ine sanandipeze ndi mlandu.

Achimwene atamva sanandikalipire. Anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Ukanandiitana ine. Ndikanalumbira."

Patapita sabata, amalume ake a mtsikanayo anafika ku Kapata panjinga. Anakana mpando. Anatulutsa kansalu komanga mfundo n'kukaika pakhonde.

"Chikole chanu icho."

"Amalume, ndigula china. Chamkuwa chilipo, kapena mpango, chilichonse chomwe anganene."

"Za chibangili alibe nazo mawu. Akuti ankachikonda." Anatembenuza njinga. "Akuti akulu atafunsa, munamusiya yekha pamphasa."

Ndinalemba makalata awiri, m'Chinyanja chosamala kwambiri, chonga cha m'mabuku. Onse anabwerera osatsegula. Mtsikanayo anabatizidwa patatha zaka zina ziwiri, ndipo ndinamva kwa anthu ogulitsa chimanga pamsika, monga mmene ndinadzamveranso za ukwati wake.