Magemu Omwe Sanali Anga

Chaka chimene mpunga unachita bwino, ndinagula makina a magemu ogwiritsidwapo kale pa shopu ina ku Limbe. Ndinawaika m'kashedi kanga pa msika wa Chiwalo kuti anthu azisewera mpira wa pa sikirini. Akabaza ankaimika njinga n'kumapikisana, ena n'kumachemerera.

Patatha miyezi iwiri, magemu onse anatsekeka. Ndinazimitsa, kuyatsa, kupukuta mawaya, koma ayi ndithu. Pa sikirini panangodzaza Chizungu, pomwe ine sukulu ndinalekezera Sitandade Sikisi.

Kuseri kwa shedi kunkachita lendi aphunzitsi ena, mayi a ku Kasungu. Atandiona ndagwira tsaya, anakhala pa benchi n'kuwerenga mawu onse aja osadumpha mzere.

"Achimwene, makinawa ndi anu, koma magemuwa si anu," anatero.

"Si anga bwanji, amayi? Ndinagula ndi thukuta langa!"

"Amene anawagula poyamba anangopatsidwa chilolezo chosewera pa akaunti yake. Tsopano waichotsa, basi atsekeka. Wogulitsa uja anakuuzani zimenezi?"

Sanandiuze. Pa lisiti analemba yekha kuti makina ndi magemu ake.

Mayiwo anati wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona za katundu. Loweruka lotsatira anasiya zochapa zawo, tinakwera minibasi limodzi. Mwini shopu anayamba ndi ukali, ati katundu akatuluka sabwerera. Mayiwo sanakweze mawu. Anangoika lisiti patebulo.

"Bambo, dzanja ili ndi la ndani? Tikambirane pano, kapena tipite kwa oona za ogula?"

Bambo uja anayang'ana makasitomala ena amene ankamvetsera, n'kulowa m'kati. Anatuluka ndi madisiki atatu, la mpira lili pomwepo. Tinawayesa tisanachoke.

Pobwerera, mayiwo anandiuzanso china chimene sindinkafuna kumva: mgwirizano umene anawerenga pa sikirini paja unkati magemu ndi osewera pakhomo, osati ochitira bizinesi. Titadutsa Chiradzulu, ndinawafunsa chifukwa chake sanandibisire.

"Wina anakubisirani kale, mwaona mmene mwavutikira," anayankha.

Bizinesi ya magemuyo sindinaisiye msanga, ndisaname. Koma pofika dzinja shedi ndinali nditaisandutsa yotchajira mafoni ndi kumetera, makina ndinapita nawo kunyumba. Aphunzitsi aja anawasamutsira kwawo chaka chotsatira. Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira katundu mpaka pa siteji, ndipo anandilola kuwasiyira nkhuku imodzi.