Dramu la Madzi m'Dzenje la Njerwa

Anandipeza nditaweramira m'dramu la madzi, bulangeti kumutu, m'dzenje limene tinakumbamo dothi la njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Zingalume. Dzuwa linali paliwombo, mwezi wa Okutobala.

Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma pepala lolembedwa sindilipitirira. Mayi wina pamsika wa ku boma anandikulungira mtedza m'masamba atatu a magazini. Masambawo ankanena za katswiri wa sayansi amene wathera moyo wake kufunafuna tinthu totchedwa nyutirino. Akuti timachokera kudzuwa, timapyoza munthu, mwala, dziko lonse, osakhudza kanthu. Pofuna kutiona, iye ndi anzake anaika thanki ya madzi pansi pa mgodi, mumdima, n'kumadikira kuti kamodzi kagunde madziwo, kuwala kuthwanime.

Ine ndinati madzi alipo, dzenje lilipo, mdima ndipanga ndi bulangeti. Dramu ndinabwereka kwa aneba, bambo woweta ng'ombe, osanena ntchito yake.

Masiku atatu ndinapenyetsetsa. Chimene chinagunda madziwo ndi thukuta langa. Tsiku lachitatulo amayi awiri opita kudimba anandiona, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali itafika pamjigo: akuti ndikukhwima, ndikufuna mvula igwe m'munda mwanga mokha. Anthu anayamba kuwapatsa akazi anga moni wa pakhosi. Mbiri yotere pamudzi siichoka msanga, imatsata ndi ana omwe.

Ndinapalasa njinga kubwerera kumsika, n'kugula mtedza wosaufuna mpaka masamba otsala a magazini ija atapezeka. Masambawo anati thanki ija inali yaikulu kuposa tchalitchi chathu, makoma ake odzaza maso a magetsi. Ndi zonsezo, katswiriyo ankadikirabe nthawi yaitali kuti aone kamodzi. Ine ndinali ndi maso awiri, limodzi losaona bwino.

Ndinatenga masamba onse kupita kwa aneba, amene mawu awo anthu amawamvera. Ndinawamasulira ndime ndi ndime iwo akukonza goli la ngolo.

"Ndiye mwati bamboyo wamera imvi akudikira kanthu kosaoneka?"

"Eya."

"Akazi ake osam'thawa?"

"Izo sanalembe."

Anaseka mpaka kuika sompho pansi.

"Kumjigo ndikanena ndine, achimwene, kuti si ufiti, angokuzunguzani mapepala. Mfiti siibwereka dramu masana. Koma mulibweze lero, mulitsukenso bwino. Ngati tinthu tanuto tatsalamo, ng'ombe zanga zisamwe."