Disiki Imene Sinatsukidwe

Kwathu zinthu za womwalira zimayamba zatsukidwa zisanagawidwe. Ndiye achimwene anga atamwalira, azakhali anasonkhanitsa zonse za m'chipinda mwawo, malaya, mabuluku, nsapato, ndi kabokosi ka madisiki a kompyuta, n'kupita nazo kunyanja. Ine ndinafika mochedwa. Ndinapeza madisiki asanu ndi awiri ali m'beseni, akukwechedwa ndi sopo ngati mbale. Ndinakalipa, sindibisa, ndinawakalipira azakhali pamaso pa azimayi onse a kumpingo. Atatu okha ndi amene anali asanalowe m'madzi, ndipo ndinawatsomphola n'kuwamangirira m'chitenje. Azakhali anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Tenga, koma uzidziwa kuti zimenezo sizinatsukidwe."

Zinali zaka zoyambirira za matipate, mabungwe atangoyamba kuchuluka ku Chipoka. Ine ndi achimwene tinkagwira ntchito pa kabungwe kena kothandiza asodzi, ine wotayipa makalata, iwo wolemba za nsomba zofika padoko. Kompyuta inali imodzi yokha. Anabwera nayo mzungu wina amene anakhala nafe chaka ndi theka, ndipo pochoka anaisiya pamodzi ndi gemu yake ya mfuti. Mu gemumo umayenda m'makonde amdima, zilombo zoyenda ndi miyendo iwiri zikutulukira pakona, iwe n'kumaziwombera zisanakuphe. Ine ndinkaona ngati zachibwana. Achimwene ndiye inawalowa m'magazi, mpaka nthawi ya chakudya cha masana ankaithera pomwepo.

Mzunguyo anawaphunzitsanso za mamodi, timafayilo towonjezera timene timasintha gemu. Modi ina imasintha makoma, ina maonekedwe a zilombo, ina kulira kwake. Panalinso kapulogalamu kolowetsera mamodiwo, kamene achimwene anakatcha kapitawo chifukwa kankawandandalika pamzere ngati aganyu m'mawa. Lamulo la kapitawo anandiuza kangapo ine ndisakufuna kumva: mamodi awiri akalimbirana chinthu chimodzi, imene ili pansi pa mndandanda ndiyo imapambana, n'kuphimba yapamwamba. Yophimbidwayo sifufutika ayi, imangokhala chete pansi pa inzake. Mkangano wotere kapitawo ankaulemba ndi zilembo zofiira.

Ndinkadziwa kuti achimwene anapanga modi yawoyawo. Masana ena ndinawamva kuseri kwa khoma akuyankhula mu kamaikolofoni, akuseka okha. Ndinagogoda khomalo n'kuwauza kuti akundisokoneza. Sindinapite kukamvera.

Anadwala miyezi isanu ndi umodzi, matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Sabata yomaliza anaoneka ngati apezako bwino, ndipo ndine amene ndinawauza amayi kuti apite ku Lifuwu akakolole mpunga wawo usanathere mbalame. Anapita chifukwa cha mawu anga. Achimwene anatsirizika m'mawa kuchipatala cha kuboma, ine ndili pambali pa bedi, ndipo amayi anafika masana, nsalu itafundidwa kale mpaka kumutu.

Kuchokera tsiku limenelo amayi anali ndi funso limodzi. "Anati chiyani pomaliza?" Ndinkawauza zoona, kuti sananene kanthu, mawu anali atawathera masiku atatu m'mbuyomo. Ankagwedeza mutu, n'kudzafunsanso mawa lake. Ankafunsa akusesa, ankafunsa akusankha mpunga. Funsolo linkandilasa, chifukwa ndinkadziwa chimene ankafuna kumva, ndipo ndinkadziwanso amene anawachotsa pambali pa bedipo.

Patatha miyezi iwiri abwana anatiuza kuti ntchito ya bungwe yatha, ndipo Lolemba kudzabwera galimoto kudzatenga kompyuta kupita nayo ku Lilongwe. Lachinayi masana onse a mu ofesi anapita ku msonkhano wa chipani pabwalo la mpira. Ndinatsala ndekha. Kunja kunali zii, kupatula chimkuzamawu chimene chinkamveka patali, ndi fungo la usipa wapathandala likulowera pazenera. Ndinatulutsa madisiki atatu aja m'chikwama.

Yoyamba inangokukuta m'kati mwa kompyuta n'kukana. Yachiwiri inali ya mzungu uja, modi ya kulira kwa nyama zakutchire. Yachitatu inali ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja la achimwene, mawu amodzi okha: ANGA. Ndinatsegula kapitawo, n'kulowetsa ya achimwene, kenako ya mzungu. Panatuluka mizere inayi yofiira. Ine ndi phuma langa sindinawerenge n'komwe, ndinangodina batani n'kuyambitsa gemu. Chilombo chinatulukira, chinabangula ngati mkango, basi. Ndinatukwana. Ndinaganiza kuti disikiyo ilibe kanthu, kuti ndinawanyoza azakhali pachabe.

Nditatsala pang'ono kuzimitsa m'pamene ndinakumbukira lamulo lija. Achimwene anali pamwamba, mzungu pansi, ndiye kuti anaphimbidwa. Ndinawatsitsira pansi pa mndandanda, mizere yofiira ija n'kutembenukira mbali yawo, ndipo ndinayambitsanso.

Khonde linali lomwe lija, lamdima, lopanda kanthu. Ndisanayende n'komwe ndinamva likhweru. Linali likhweru la achimwene, lija ankaimba akamafika pakhomo pochokera kuntchito, lokwera kawiri n'kutsika. Linkachokera kuseri kwa khoma la mu gemumo, koma ine ndinacheukira kuchitseko cha ofesi. Kunalibe munthu.

Ndinadina batani loyendera, pang'onopang'ono, mpaka pakona. Chinthucho chinatembenuka, chamano kunja, maso ofiira, n'kundiona.

"Chemwali, mwaswera?"

Anali mawu awo a nthawi imene anali bwino, onenepa, okhala ndi kaphwete kumapeto. Manja anga anachoka okha pa kiyibodi. Chinayandikira, chinandimenya, sikirini yonse inafiira, gemu n'kuthera pomwepo. Kachiwiri ndinalimba mtima n'kuwombera. Chipolopolo choyamba chitalowa, chilombocho chinati, "Iwe, ukundipweteka." Nditawomberanso chinagwa chagada, ndipo achimwene anaitana, "Amayi!" Anakoka mawuwo motalika. Ndikudziwa kuti pojambula ankachita nthabwala, mwina ndi tsiku lomwe lija ndinagogoda khoma, koma mu ofesi yopanda anthu ija sizinamveke ngati nthabwala. Pambuyo pa mawuwo panamveka mpweya wawo, kupuma kumodzi, asanazimitse maikolofoni.

Ndinathawira pakhonde, n'kukhala pansi mpaka anthu atayamba kubwerako ku msonkhano ndi nsalu zawo za chipani. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinali nditawakwiyira achimwene. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, pa malo onse oika mawu ake n'kusankha m'kamwa mwa chilombo.

Kukamwa kwangaku n'kumene kumandipalamulitsa. Madzulo omwewo amayi anafunsanso funso lawo lija tikutsuka mbale, ndipo ine, mtima uli m'malere, ndinawayankha mwaukali kuti, "Ngati mukufuna mawu awo, ali ku ofesi m'kompyuta." Anasiya mbale. Sanafunse kuti zikutheka bwanji. Anangoti, "Loweruka unditengere kumeneko."

Lachisanu lonse ndinalimbana ndi kapitawo, makalata a abwana ali pambali. Ndinapeza kuti pa mzere uliwonse wofiira munthu ukhoza kusankha wekha wopambana, osadalira mndandanda. Mizere inali inayi: likhweru, moni, kupwetekedwa, ndi kufa. Likhweru ndi moni ndinawapatsa achimwene. Kupwetekedwa ndi kufa ndinapatsa nyama za mzungu. Ndinati mayi wanga sangamve mwana wake akulira chonchija, wavutika mokwanira. Ndinayesa katatu kuti nditsimikize. Chinthucho chinkaimba likhweru, chinkandipatsa moni, ndikachiwombera chinkabangula n'kugwa. Ndinadziona wanzeru, ngakhale podina mzere womaliza uja ndinamva ngati ndikuwafundanso nsalu kumutu.

Loweruka tinafika cha m'ma teni koloko, ndi kiyi amene ndinabwereka kwa abwana. Amayi anavala duku lawo lakuda. Anavula masilipasi pakhomo la ofesi, ngakhale ndinawauza kuti palibe chifukwa, ndipo anakhala pampando wa alendo, manja pamiyendo, akuyang'ana sikirini ngati akudikira dokotala.

Likhweru litamveka anachita zomwe ndinachita ine, anacheukira kuchitseko. Kenako ndinafika pakona paja.

"Chemwali, mwaswera?"

Amayi sanadzidzimuke ndi mano aja kapena maso aja. Anandigwira pamkono. "Yankha," anatero, "akukupatsa moni."

"Ndaswera, achimwene," ndinatero. Chinayamba kuyandikira, ndiye ndinawombera, chinabangula n'kugwa. Amayi anandifunsa chifukwa chimene ndachiphera. Ndinawafotokozera kuti gemu yake ndi yotero, ukapanda kuchipha chimakupha. Anati ndibwereze. Tinamvera kasanu, likhweru ndi moni, likhweru ndi moni. Kachisanuko anandisiya mkono.

"Akungotchula iwe wekha," anatero. "Ine sananditchule?"

"Ayi amayi, ndi zokhazi."

Anadzuka, anakonza chitenje, n'kuyamba kupita kukhomo kumene kunali masilipasi awo. Ndinayang'ana msana wawo, momwe unapindikira miyezi iwiri yokhayo, ndipo ndinazindikira kuti ndawachotsanso pambali pa bedi kachiwiri, ndi nzeru zanga zomwe zija.

"Amayi, khalani pansi," ndinatero. "Ndakunamizani. Alipo mawu ena. Koma amatuluka pokhapokha ndikawawombera."

Ndinadzimva ndekha kuti ndanena "ndikawawombera," osati "ndikachiwombera." Amayi anabwerera pampando. "Mwana wanga anafa kale," anatero. "Womba."

Ndinatsegula kapitawo. Mzere wachitatu ndinausiya kwa nyama, umenewo sindinagonje. Wachinayi ndinaubwezera kwa achimwene. Khonde, likhweru, kona, moni. Ndinatsinzina n'kudina kawiri.

"Amayi!"

Kenako kupuma kuja.

"Ndabwera," anayankha amayi, ndi mawu wamba, ngati akuyankha munthu ali kuchipinda. "Ndafika, mwana wanga. Ndinali kumpunga."

Ine misozi inali mbwee, koma amayi maso ali gwa pa sikirini, pamene chinthucho chinagona chagada.

"Bwereza," anatero.

Ndinabwereza. Nthawi iliyonse ndinkayenda khonde lomwelo, kupatsidwa moni ndi mchimwene wanga, n'kumuwombera, kuti aitane ndipo amayi ayankhe. Sindinawerenge kuti kangati. Ndikukumbukira kuti mthunzi wa zenera unachoka patebulo n'kufika pansi, ndipo chala changa chinachita dzanzi. Mayankho awo ankafupika. Pomaliza anangoti, "Ndili pano. Gona tsopano." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti, "Basi, zimitsa. Kanthu kameneko undipatse."

Ndinatulutsa disiki ija n'kuwapatsa.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi ananditenga kunyanja, atanyamula beseni ndi sopo. Anagwada pamchenga, anaviika disikiyo m'madzi, n'kuikwecha mbali zonse ziwiri mpaka kapepala kolembedwa ANGA kanasupuka n'kuyandama. Ine amene ndinakalipira azakhali pa malo omwewo sindinawaletse. Anaiyanika pamwala, ndipo kuchokera tsiku limenelo funso lija sanafunsenso.

Pali chimodzi chimene amayi sankadziwa. Kapitawo akalowetsa modi, amaikopera m'kati mwa kompyuta, disiki imakhala ilibenso ntchito. Lolemba m'mawa ndinalawirira ku ofesi galimoto isanafike, kuti ndiichotse. Ndinatsegula mndandanda, ndinaika chala pa batani lofufutira, ndipo ndinakhala choncho mpaka ndinamva hutala panja. Ndinalephera. Ndinali nditawawombera tsiku lonse Loweruka, koma ichi chokha dzanja langa linakana. Ndinazimitsa, adalaivala ananyamula kompyuta n'kuimangirira kumbuyo ndi zingwe, ndipo inapita achimwene ali momwemo, mzere wachinayi uli mbali yawo.

Amayi anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi, akudziwa kuti mwana wawo anaitana, anayankhidwa, n'kugona. Sindinawauze. Sindikudziwa kumene kompyuta ija inathera, kaya m'sitolo ya katundu wakutha, kaya pa tebulo la kalaliki wina wosowa chochita masana. Ndikamva likhweru lokwera kawiri n'kutsika ndimacheukabe kuchitseko. Ndipo ndimaganiza za munthu wachilendo akufika pakona paja, akupatsidwa moni, akuwombera, achimwene n'kuitana amayi m'chipinda chimene mulibe wowayankha.