Mchimwene wa Katswiri

Kusukulu komwe ankaphunzitsa sayansi, ana anamupatsa dzina loti Maginito, chifukwa m'thumba la jekete yake simunkasowa kachitsulo kokoka misomali. Kwawo anali woyamba kubadwa, ndipo mutu wake unkagwira kwambiri. Koma bambo awo atafa ziwalo, iye anasiya zopitiriza maphunziro n'kuyamba uphunzitsi kuti aziwasamalira. Mlongo wake, mzime wa m'banjamo, anamuphunzitsa yekha patebulo lodyera, kumuonetsa kakulungidwe ka waya pamsomali ndi kalumikizidwe kake ku batire.

Mtsikanayo anapitirira mpaka kukhala katswiri pa yunivesite. Ntchito yake inali ya ma elekitironi, tinthu tosaoneka ndi maso timene timayenda m'mawaya. Kalikonse kali ngati kamaginito kakang'onong'ono, kotha kuloza m'mwamba kapena pansi, ndipo iye ankafufuza njira zoti foni ndi kompyuta zizisunga zinthu potengera kalozedweko, osaiwala ngakhale magetsi atazima.

Amayi awo sankamvapo kanthu, komabe mlendo aliyense wofika pakhomo ankamusimbira za mwana wawo wamkaziyo. Maginito ankangoyang'ana pansi, mtima ukumuwawa. Anagula mabuku a nkhaniyo n'kumawerenga mobisa, koma masamu ake anamukanika asanafike ndi pakati pomwe.

Tsiku lina ahedi anaitana mlongoyo kuti adzalankhule ndi ana. Anabwera ndi kachidutswa konyezimira, kochepa ngati chikhadabo, n'kufotokoza kuti mkati mwake muli timaginito tiwiri topyapyala, kena pamwamba pa kanzake. Tikaloza kumodzi magetsi amadutsa mosavuta, tikasemphana amavutika, ndipo makina amawerenga kusiyana kumeneko. Anatinso mphamvu ya timaginitoti imachokera ku chomwe akatswiri amati kuzungulira kwa ma elekitironi. Ana omwe ankasinza m'kalasi la Maginito anakhala tcheru, akulandirana kachidutswako ngati dzira.

Maginito, yemwe anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, anakweza dzanja.

"Tatiuzani, adokotala," anatero, mawu oti adokotalawo akuwakoka dala. "Mukuti elekitironi imazungulira. Inuyo munaionapo ikuzungulira?"

"Ayi, achimwene," anayankha mlongoyo. "Ndi dzina chabe lomwe tinazolowera. Siizungulira ngati nguli, koma imachita zinthu ngati kuti ikuzungulira. Kunena zoona, ifenso zimatizunguza mutu."

Ana anaseka, ndipo zinaonekeratu kuti ayamba kumukonda kuposa poyamba. Maginito anatuluka kukaima pakhonde mpaka kuomba m'manja kutatha.

Maginito akumuperekeza pageti, mlongoyo anamugwira mkono.

"Achimwene, mudzabwere kuntchito kwathu. Kuli makina oti inuyo mukawaona simungafune kubwerera."

"Ndili ndi mapepala ambiri ochonga."

"Kodi mwakwiya?"

"Ndikwiyirenji? Pita, basi ingakusiye. Ukawapatse moni ophunzira anzako."

Kuntchitoko sanapiteko, ngakhale mlongoyo anamuitana kangapo. Pambuyo pa ulendowo, ana akafunsa za ma elekitironi olozawo, iye ankayankha mwachidule kuti zimenezo sizibwera pamayeso.

Anaphunzitsabe pasukulu yomweyo mpaka kupuma. Ana angapo a kalasi lija anakachita sayansi ku yunivesite, ndipo akakumana naye mumsewu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, chomwe chinatikopa ndi tsiku lija kunabwera achemwali anu."

Anawa anali atawaphunzitsa zaka zonse za sekondale, choko chitamuyeretsa manja. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako n'kuwafunsa ngati makolo awo ali bwino.